Lipoti la wodwala: lilime la mapu mwa mayi wa zaka 34 wokhala ku Rosettenville

Ndine dokotala wa mano ndi m'kamwa, ndipo ndimagwira ntchito pa kachipatala kena kum'mwera kwa Johannesburg. Amalawi a kuno anauzana kuti pamenepa pali wolankhula chakwathu, choncho sabata sipita osaonako angapo, ambiri a dzino lobooka kapena nkhama zotupa. Mayi amene ndikufotokoza nkhani yawo pano anabwera chifukwa cha lilime. Anandilola kulemba, bola ndisatchule dzina lawo, mudzi wawo kapena nyumba imene amagwirako ntchito. Ndalemba m'Chichewa dala. Vutoli lili m'buku lililonse la matenda a m'kamwa, koma mayiwa anakhala nalo miyezi 14 popanda wowauza dzina lake m'chinenero chimene amamva bwino, ndipo m'miyezi imeneyo anataya ndalama, mtendere wa m'nyumba, ngakhale khungu la lilime lomwe.

Mmene anabwerera

Anafika m'mawa wina wa June, kuli chisanu chija cha kuno chouma, chong'amba milomo, atavala masiki pamene aliyense anasiya kale kuvala. Asanakhale pampando anayang'ana kaye ngati chitseko chatsekeka.

"Adokotala, mungondiuza zoona," anatero. "Ndayezetsa katatu, akuti ndilibe. Koma mwina makina awo sakukaona."

Kachilomboko sanakatchule, ndipo sindinafunse kuti akunena chiyani.

Kwawo ndi ku Mulanje, ndipo ku Joni akhalako zaka 6. Ali ndi ana awiri: wamkulu ali kumudzi ndi agogo ake, wamng'ono wa zaka 5 ali kuno. Amakhala m'chipinda cha lendi ku Rosettenville ndi amuna awo, amene ndi mlonda wa usiku. Ntchito yawo ndi yophika ndi kukonza m'nyumba ya banja lina ku Mayfair, masiku 6 pa sabata, ndipo chakudya cha m'nyumbamo ndi cha masala, tsabola ndi atchar tsiku ndi tsiku. Wophika salephera kulawa. Sasuta, samwa mowa, saika fodya m'kamwa. Sanamwepo mankhwala a chifuwa chachikulu kapena a shuga. Ali ndi lupu imene anaikidwa zaka 3 zapitazo, ndipo chiikidwireni msambo wawo umatenga masiku 7 kapena 8 ndipo umatuluka wambiri. Ali mwana ankavutika ndi chikanga kuseri kwa mawondo, ndipo kuno chaka chilichonse ikafika September amayetsemula ndi kuyabwa maso.

Vuto linayamba ndi kachigamba kofiira kunsonga kwa lilime, kothetheka akalawa chakudya. Patapita masiku angapo kanazimiririka, kenako china chachikulupo chinatuluka m'mbali. Chatha ichi, chatuluka china pakati. Kuyenda kumeneku n'kumene kunawaopsa kwambiri, chifukwa m'maganizo mwawo chinthu choyenda m'thupi ndi chinthu chamoyo, kapena chotumidwa ndi munthu.

Ku kiliniki yoyamba anauzidwa kuti ndi mafangasi, anapatsidwa nystatin ndi kuyezedwa HIV. Namwinoyo sindimuimba mlandu. Mu mzinda uno, ukaona lilime la mizere yoyera kwa mphindi imodzi, anthu ali mbwee pabenchi kudikira, maganizo amathamangira komweko. Mankhwalawo sanasinthe kanthu. Kuchokera apo anayesa chilichonse chimene anauzidwa: GV wopaka, mandimu, kukwecha lilime ndi mchere wosakaniza ndi soda katatu pa tsiku ndi mswachi wolimba. Mayi awo anatumiza mizu pa basi kudzera kwa transipota. Sing'anga wina wa m'tauni anawauza kuti anadyetsedwa ndi mnzawo wa kuntchito, ndipo anawalipiritsa R800. Mwezi womaliza asanabwere kwa ine anamwa amoxicillin maulendo awiri, wopatsidwa ndi mnzawo amene anali ndi wotsala. Atawerengera zonse anati zinapitirira R3 000, ndalama imene ikanalipira fizi kumudzi.

Za kunyumba anazinena pomaliza, akuyang'ana pansi. Amuna awo anali atawapatulira kapu, mbale ndi supuni yawoyawo. Anawaletsa kulawa phala la mwana. Panali patatha miyezi 5 osakhala malo amodzi. Masiki aja anali obisira abwana, poopa kuti akaona lilimelo adzawachotsa kukhitchini, kapena kuwachotsa ntchito kumene.

Zimene ndinaona

M'kamwamo munali zinthu zitatu zosiyana zosanjikizana, ndipo ntchito yanga yoyamba inali kuzilekanitsa.

Choyamba, pamwamba pa lilime panali zigamba zitatu zofiira, zosalala: chachikulu cha masentimita 2 kudzanja lamanja, china chaching'ono pafupi ndi nsonga, chachitatu kumbuyo kumanzere. Chilichonse chinali ndi mpendero woyera modera chikasu, wokwera pang'ono, wokhotakhota ngati malire a dziko pa mapu. Nditaupukuta ndi kansalu, mpenderowo sunachoke. Mkati mwa kufiirako tinsonga ting'onoting'ono timene timachititsa lilime kuoneka ngati lili ndi ubweya woyera tinali titathothoka, koma timadontho tofiira tozungulira, timene timanyamula zolawira, tinalipo. Pakati pa lilime panali mng'alu wakuya wokhala ndi nthambi m'mbali. Nditalifinya lilime lonse pakati pa zala, linali lofewa paliponse. Panalibe pouma, panalibe chotupa, ndipo pansi pa lilime panali bwinobwino. M'khosi munalibe anabere.

Chachiwiri, mkati mwa masaya ndi kumwamba kwa kamwa munali zoyera ngati chambiko. Izi zinkachoka ndikapukuta, n'kusiya pofiira. Amenewa ndiwo anali mafangasi enieni, ndipo mayiwa anavomera kuti zinayamba milungu itatu yokha yapitayo, ndiye kuti atamwa amoxicillin. Mankhwalawo anapha mabakiteriya abwino a m'kamwa, fangasi wotchedwa Candida n'kupeza malo.

Chachitatu, nsonga ndi m'mbali mwa lilime munali mikwingwirima ndi posupuka chifukwa cha kukwecha. Pakati pa mano panali patatsala utoto wa GV.

Kunja kwa kamwa, m'zikope ndi m'zikhatho munali moyera kuposa mmene muyenera kukhalira. Ndinayang'ana zigongono, mawondo, m'mutu ndi zikhadabo, ndipo sindinapeze mamba kapena tizenje. M'manja ndi kumapazi kunalibe zidzolo. Anati siketi yayamba kukhwepa, koma atafotokoza mmene amadyera ndinamvetsa: phala lozizira m'mawa, nsima yochepa ndi ndiwo zopanda tomato madzulo, basi.

Umboni wamphamvu kuposa zonsezi unali m'foni mwawo. Chaka chonse ankajambula lilime lawo n'kutumizira mchemwali wawo pa WhatsApp. Tinaziyang'ana limodzi zithunzizo motsatira masiku. Pamalo pamene panali pofiira mu March panali patabwerera mwakale mu April. Chigamba cha kumanja chinali kumanzere patapita sabata. Palibe malo amodzi amene anakhala odwala nthawi yonseyo.

Matenda amene ndinayenera kuwachotsa kaye

Mumtima ndinali nditadziwa kale kuti ili ndi lilime la mapu, limene m'mabuku limatchedwa geographic tongue kapena benign migratory glossitis. Koma ku Johannesburg sungathamangire kuuza munthu kuti palibe chodetsa nkhawa. South Africa ili ndi anthu okhala ndi HIV ochuluka kuposa dziko lina lililonse, ndipo m'kamwa ndi malo amodzi amene matendawa amayambira kuonekera. Mantha a mayiwa anali ndi pogwira.

Mafangasi ali ndi mitundu iwiri imene imasokoneza: oyera ochoka ukapukuta, ndi ofiira amene amasalaza lilime popanda zoyera. Ofiirawa amafanana ndi mapu, koma alibe mpendero wokhotakhota uja, sasamuka malo, ndipo amamva mankhwala. Palinso oral hairy leukoplakia, mizere yoyera yoima m'mbali mwa lilime, yosachoka ukapala, yoyambitsidwa ndi kachilombo ka Epstein-Barr mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika. Iyi imakhala pamalo amodzi. Chindoko chikafika gawo lachiwiri chimatha kutulutsa zigamba zotuwa m'kamwa, nthawi zambiri limodzi ndi zidzolo za m'manja ndi kumapazi, ndipo zigamba zimenezo zimapatsirana. Chimenechi sindimachichotsa ndi maso okha, ndimayeza magazi. Lichen planus imapanga ukonde woyera mkati mwa masaya onse awiri, ndipo imasintha pang'onopang'ono kwambiri.

Kwa ife odya chimanga ndimaganiziranso pellagra, matenda a kusowa vitamini wa niacin amene anavuta kwambiri pakati pa othawa nkhondo a ku Mozambique m'Malawi cha m'ma 1990. Amafiiritsa lilime lonse, amadetsa khungu pamene pamawomba dzuwa, amatsegula m'mimba, ndipo akakula amasokoneza mutu. Mankhwala a isoniazid a chifuwa chachikulu amathanso kuwabweretsa. Mayiwa analibe chizindikiro chilichonse cha zimenezi, ndipo ufa wogula m'sitolo kuno wakhala ukuthiridwa mavitamini, ayironi ndi zinki mwalamulo kuyambira 2003. Kuchepa kwa ayironi kapena vitamini B12 kumasalazanso lilime, koma lonse nthawi imodzi, lotuwa kapena lofiira ngati nyama, popanda malire.

Ndiye khansa, imene ambiri amaiopa mwakachetechete. Khansa ya lilime simasamuka. Imakhala pamalo amodzi, kawirikawiri m'mbali kapena pansi pa lilime, imakula, imauma, imatha kutuluka magazi kapena kubweretsa mwanabere wouma m'khosi, ndipo imakonda osuta, oika fodya m'kamwa ndi akumwa mowa kwambiri. Kuyenda kuja kumene kunkawaopsa mayiwa n'kumene kunanditsimikizira ine kuti si khansa. Ndinawauza zimenezi tsiku lomwelo, kalilole ali m'manja mwawo ndipo foni ili patebulo.

Zoyeza ndi milungu iwiri yodikira

Ndinapala zoyera za m'masaya zija, ndipo pa maikulosikopu panaoneka ulusi wa Candida. Ndinatumiza magazi ku labotale. HIV ndinayezanso, osati chifukwa chokayikira zotsatira zitatu zija, zimene zinatalikirana miyezi ingapo ndipo zinali zokwanira, koma chifukwa munthu wamkulu wa mafangasi m'kamwa ndimamuyeza nthawi zonse, ndiponso ndinkafuna kuti nkhaniyo itsekedwe ndi pepala la ku labotale limene angapite nalo kunyumba.

HIV analibe. Chindoko analibe. HbA1c inali 5.4%, ndiye kuti shuga ali bwino. Mavitamini a B12 ndi folate anali bwino. Koma hemoglobin, imene imaonetsa kuchuluka kwa magazi, inali 10.4 g/dL, pamene mwa mayi amene si woyembekezera iyenera kukhala 12 kapena kuposa, maselo ofiira anali ang'onoang'ono, ndipo ferritin, imene imaonetsa nkhokwe ya ayironi m'thupi, inali 9 yokha. Sindinadule kanyama kokayeza. Ngati maonekedwe ndi mbiri zikugwirizana chonchi, kudula lilime n'kumuzunza munthu pachabe.

Tsiku loyambalo ndinawapatsa nystatin wa madzi, 1 ml kanayi pa tsiku, kuti azimuvumata asanameze. Ndinawapempha kuti asiye zonse zina: mchere, soda, mandimu, GV, mizu, maantibayotiki a mnzawo, ndi kukwecha. Atsuke mano okha ndi mswachi wofewa, lilime alisiye. Ndipo m'mawa uliwonse ajambule chithunzi chimodzi pafupi ndi zenera, asanadye kanthu. Kusiya kukwecha kunawavuta kuposa zonse, chifukwa ankaona ngati kukhala osachitapo kanthu n'kulekerera matenda. Ndinawakumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Atabweranso patatha masiku 14, chambiko chija chinali chitatha, mikwingwirima itapola, ndipo kuwawa anati kwachepa ndi theka. Mapu analipobe, koma ena. Chigamba chachikulu cha kumanja chinali chitamera tinsonga take, ndipo chatsopano chinali chitatuluka pakati.

Chimene chimachitika, ndi chimene chimayambitsa

Vutoli si latsopano. Dokotala wa ku France, Rayer, analifotokoza mu 1831. Limapezeka mwa munthu mmodzi mpaka atatu pa 100 alionse, ana ndi akulu omwe, m'mitundu yonse ya anthu. Ambiri sadziwa n'komwe kuti ali nalo chifukwa siliwapweteka, ndipo ine ndimalipeza mwangozi mwa anthu obwera kudzazula dzino. Chimene chimachitika n'chakuti pamalo ena khungu la lilime limatupa pang'ono, asilikali a m'thupi amasonkhana m'mphepete, tinsonga tija timathothoka pakati, kenako timameranso pamene kutupako kukusunthira patsogolo, monga moto wa tchire umene umasiya msipu kumbuyo. Mpendero woyera uja ndiwo malire a motowo. Posalalapo khungu limakhala lopyapyala, n'chifukwa chake tsabola ndi zowawasa zimaluma. Mwa anthu ochepa zigamba zofananazo zimatulukanso mkati mwa milomo kapena masaya.

Si kachilombo, si bakiteriya, si fangasi. Silipatsirana pa kapu, pa supuni, popsompsonana kapena pogonana. Silisanduka khansa.

Chenicheni choyambitsa sichinapezeke mpaka lero, ndipo wokuuzani kuti akuchidziwa motsimikiza, kaya wavala gauni yoyera kaya mikanda, akupyola pamene umboni wafika. Zilipo zimene zimayendera limodzi ndi vutoli. Limayenda m'mabanja. Limapezeka kawirikawiri limodzi ndi lilime la ming'alu, monga mwa mayiwa. Lili paubale ndi psoriasis, matenda a khungu otulutsa mamba oyera m'zigongono, m'mawondo ndi m'mutu: kanyama ka lilime la mapu pa maikulosikopu kamafanana kwambiri ndi ka psoriasis, ndipo odwala psoriasis amakhala nalo mochuluka kuposa anthu ena. N'chifukwa chake ndinayang'ana zigongono ndi zikhadabo. Koma ambiri a lilime la mapu sadzadwala psoriasis. Limaonekanso mochulukirapo mwa anthu a chikanga, mphumu ndi chimfine cha mungu, ndipo mbiri ya mayiwa ikulowa pamenepa. Ambiri amati limakula akakhala ndi nkhawa, ndipo amayi ena amaona kusintha motsatira msambo kapena pakati. Kuchepa kwa ayironi, zinki, folate, B6 ndi B12 kumatchulidwa kawirikawiri, koma umboni wake ndi wofooka. Palinso chodabwitsa chakuti limapezeka mocheperapo mwa osuta fodya. Ndimachitchula chifukwa ena amachiwerenga pa intaneti n'kubwera nacho, ndipo yankho langa limakhala limodzi: fodya amabweretsa khansa ya m'kamwa imene imapha, pamene mapu sapha munthu.

Chithandizo, ndi pamene ndinalakwitsa

Mankhwala ochotseratu lilime la mapu kulibe. Chimene tingathe ndi kuchepetsa kuwawa ndi kuchotsa zoputa.

Ndinawapempha kuti azilemba chimene adya tsiku limene lilime lathetheka. Patatha mwezi mndandanda wawo unali ndi atchar, viniga wa pa tchipisi, chinanazi, tomato wosaphika, Nali, ndi tiyi wotentha kwambiri amene ankamwa mothamanga m'mawa asanakwere takisi. Tomato wophika m'ndiwo sankawavuta, ndiye anabwerera kudya ndiwo zawo monga kale. Usipa, nyemba, masamba, mazira, zonse zinali bwino. Ndimalimbikira pamenepa chifukwa ndaonapo anthu akudziletsa chakudya chonse mpaka kuwonda, pamene zoluma ndi zinayi kapena zisanu zokha, ndipo zimasiyana munthu ndi munthu. Mankhwala otsukira mano tinasintha, n'kutenga opanda sodium lauryl sulfate, chinthu chimene chimachita thovu, ndipo ndinawaletsa oyeretsa mano ndi ochukuchira m'kamwa okhala ndi mowa.

Kuntchito sakanasiya kulawa, ndiye tinagwirizana zotheka: kasupuni kakang'ono, chakudya chitazizira kaye, kuchiika mbali imene palibe chigamba tsiku limenelo, kenako kuvumata mkaka, chifukwa ukali wa tsabola umasungunuka m'mafuta, osati m'madzi. Ndinalemba kalata ya Chingerezi yopita kwa abwana awo yonena kuti vutoli silipatsirana ndipo sililetsa munthu kuphika. Kalatayo anaisunga m'chikwama milungu iwiri asanalimbe mtima kuipereka. Ataipereka, masiki anawavula.

Pa masiku oipa ndinawapatsa benzydamine wochukucha asanadye, amene amaziziritsa ululu kwa kanthawi, ndi triamcinolone 0.1% wopaka m'kamwa, pang'ono chabe pa chigamba chowawacho atachiumitsa ndi kansalu, kawiri pa tsiku, osapitirira sabata imodzi. Uyu sindinamupereke mpaka mafangasi atatheratu, chifukwa ndi steroid, mankhwala ochepetsa kutupa amene amawadyetsa mafangasi, ndipo womupaka tsiku lililonse mosalekeza amawaitana okha. Pali enanso amene madokotala amayesa zikavuta kwambiri, monga tacrolimus wopaka, koma mayiwa sanafike pamenepo.

Kulakwitsa kwanga kunali pa ayironi. Nditaona ferritin ya 9 ndinasangalala kuti ndapeza chogwirika, ndipo ndinawauza kuti, "Mayi, tikakonza magaziwa, lilimeli lichira." Ndinanena zimene ndinkalakalaka, osati zimene ndinkadziwa. Kuchepa kwa magazi kunali kwenikweni ndipo kunayenera kuchizidwa: anayamba piritsi limodzi la ayironi pa tsiku, osamwera tiyi, ndipo ndinawatumiza ku kiliniki ya kulera, kumene anakambirana za lupu n'kusintha njira. Patatha miyezi 4 hemoglobin inali 12.8, ferritin 41, kutopa ndi kupuma movutika pokwera masitepe zinali zitatha. Koma mapu analipo, zigamba ziwiri zooneka bwino. Analira pampando wanga.

"Munati lichira, adokotala. Ndiye kuti pali china chimene simunachipeze."

Mawu anga amodzi anabweza mantha onse amene tinali titawachotsa. Ndinapepesa, n'kuwauza mosabisa kuti ndinalonjeza chimene sindikanatha kulonjeza. Ndinafotokozanso kuyambira poyamba: magazi anali vuto lina, lachira, lilime ndi chibadwa chawo, likhoza kukhala chete miyezi kapena zaka, kenako n'kubweranso, ndipo mwa ena limatha lokha popanda wodziwa chifukwa. Kuyambira tsiku limenelo, aliyense wa lilime la mapu ndimamuuza pa ulendo woyamba kuti silichoka ndi mankhwala, ndisanatchule n'komwe za mavitamini.

Bambo a kunyumba

Pepala la ku labotale lija silinabweze kapu pamalo pake. Bambowo anawerenga, naliika pansi, osanena kanthu. Ndinapempha kuti abwere, ndipo anabwera m'mawa wina akuchokera ku ntchito, yunifolomu ili m'thupi, maso ali psu ndi tulo. Anakhala kumapeto kwa mpando, chipewa chili pabondo.

Ndinawaonetsa zithunzi za masiku 14 zija motsatana, ndipo ndinatsegula buku langa la matenda a m'kamwa pa tsamba la lilime la mzungu lofanana ndendende ndi la akazi awo. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga mwana, adokotala? Satengera?"

"Pa supuni ayi, bambo. Ngati angadzakhale nalo, kudzakhala kutengera kwa kumtundu, monga mpata wa mano kapena dazi. Ndipo silidzamupweteka kuposa mmene mukuonera apa."

"Ndiye kuti palibe anawadyetsa?"

Ndinayankha kuti ine ndinganene zimene ndaona ndi kuyeza: lilime lotere lili ndi dzina, linalembedwa zaka pafupifupi 200 zapitazo, ndipo lili m'mayiko onse, mwa anthu amene alibe mdani ndi mmodzi yemwe. Sindinanyoze zimene amakhulupirira, koma ndinanena momveka kuti ndalama ina isapitenso kumeneko. Kenako anafunsa funso limene ndikuganiza kuti ndi limene anabwerera: ngati iwonso angayezedwe. Mantha awo sanali pa akazi awo okha. Anapita onse awiri kukayezetsa limodzi sabata yomweyo, ndipo onse anapezeka alibe.

Mmene zilili tsopano

Ndinawaonanso mayiwa patatha miyezi 11 chibwerereni koyamba. Panali kachigamba kamodzi kumbuyo kwa lilime, kosawawa. Thupi linali litabwerera. Triamcinolone anamugwiritsa ntchito kawiri kokha m'miyezi 5: koyamba mu January, pamene ankasaka ndalama ya fizi, kachiwiri kutatsala masiku ochepa kuti asambe. Chakudya chikamakakamira mumng'alu wa pakati uja amachichotsa pochukucha ndi madzi ndi kupukuta mofatsa ndi mswachi wofewa. Mbale za m'nyumba zinasakanikirana, ndipo phala la mwana amalilawa.

Anandipempha kuti ndiwalembere mawu ochepa m'Chichewa oti awerengere mayi awo pa foni, chifukwa mizu inali ikubwerabe pa basi. Atawawerengera, agogowo akuti anakhala chete, kenako anati lawo lili ndi ming'alu chiyambire utsikana wawo, ndipo chinanazi cha ku Mulanje komweko sachidya chifukwa chimawaluma. Sindinalione lilime limenelo, choncho m'faelo ndinangolemba kuti mayi awo mwina ali nalonso.

Ndinawapatsa kakhadi kolembedwa zimene ziyenera kuwabweretsa msanga osadikira tsiku: chigamba kapena chilonda chimene chakhala pamalo amodzimodzi kupitirira milungu itatu, pouma kapena chotupa m'lilime, kutuluka magazi popanda kukanda, dzanzi, mwanabere m'khosi, kuvutika kumeza, kuwonda kosadziwika chifukwa, mamba pakhungu kapena kutupa kwa molumikizira mafupa. Chimodzi mwa izi chikaoneka ndidzawalembera kalata yopita kwa akatswiri a matenda a m'kamwa ku Wits Oral Health Centre ku Parktown, kumene angadule kanyama n'kukayeza. Apo ayi, tidzaonana patatha miyezi 6 podzatsuka mano, ndipo tsiku limenelo ndidzayezanso ferritin. Anati adzabwera ndi mwana kuti ndidzamuone mano, ndi lilime lomwe.